Kujambula ubongo ndi maginito ochepa mphamvu: zomwe mabanja athu ayenera kudziwa

Ambiri mwa ife tili ndi achibale amene anachoka kunyanja n'kukakhazikika mumzinda wa Lilongwe. Wina wa ku Makanjira ali ku Kawale, wina wa ku Nkhotakota akuchita geni ya usipa ku Mgona, wina wa ku Salima akuchita lendi ku Chinsapo kapena ku Area 23. Foni ikalira pakati pa usiku kuchokera kumeneko, mtima umayamba kugunda tisanayankhe n'komwe. Uthenga umene timauopa kwambiri ndi woti mwana watentha thupi, wakomoka, ndipo sakutsitsimuka.

Mwana wotere akafika naye pachipatala chaching'ono, monga cha ku Kawale kapena cha ku Area 25, amamutumiza mwachangu ku Kamuzu Central Hospital. Kumeneko adokotala amayeza magazi, amamvetsera chifuwa, amaunika m'maso. Koma funso lalikulu limatsalabe: kodi m'mutumu mukuchitika chiyani? Ubongo uli mkati mwa chigaza, maso sangauone. Makina amene amauonetsa bwino kuposa ena onse ndi a MRI, koma ndi okwera mtengo kwambiri ndipo m'maiko ngati kwathu kuno ndi owerengeka. Masiku ano kwabwera mtundu wina wa MRI, wa maginito ochepa mphamvu, wotsika mtengo komanso wotheka kuukankha mpaka pabedi la wodwala. Tiyeni tione mmene umagwirira ntchito, pamene umaperewera, ndi zomwe akatswiri akuchita kuti uzijambula mofulumira komanso mooneka bwino.

MRI imaona bwanji mkati mwa mutu?

Ubongo wa munthu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndi madzi. M'madzi muli tinthu tosaoneka totchedwa haidrojeni, ndipo kalikonse kamachita ngati kamaginito kakang'ono kwambiri. Masiku onse timaginito timeneti timangoloza kulikonse. Munthu akagonekedwa m'makina, maginito aakulu amachititsa kuti tina mwa ito tiloze mbali imodzi. Kenako makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatipendeketsa. Mafundewo akasiya, timabwerera m'malo mwake, ndipo pobwererapo timatulutsa kamawu ka wailesi kofooka zedi. Waya wopinda wozungulira mutu amatola kamawuko, kompyuta n'kukasandutsa chithunzi.

Madzi a m'mbali zosiyanasiyana za ubongo sabwerera pa liwiro limodzi. Malo otupa, malo amene magazi akhamo, chotupa, ndi ubongo wabwinobwino, zonsezi zimayankha mosiyana. N'chifukwa chake pachithunzi zina zimaoneka zoyera, zina zotuwa, zina zakuda. Dziwani kuti MRI sigwiritsa ntchito cheza cha ekisire ngati mmene amachitira makina a CT. Sibaya, sidula, ndipo sichotsa kanthu m'thupi, ngakhale dontho limodzi la magazi.

Makina aakulu ndi makina aang'ono

Mphamvu ya maginito amaiyeza m'matesila. Makina a m'zipatala zikuluzikulu za kunja amakhala a matesila 1.5 kapena 3. Kuti timvetse kukula kwake, matesila 1.5 ndi mphamvu yoposa maginito a dziko lapansi, aja amatembenuza singano ya kampasi, maulendo pafupifupi 30,000. Maginito otere amalemera matani angapo. Waya wake amaziziritsidwa ndi madzi a mpweya wa helium ozizira kufika madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo helium ameneyo timachita kuitanitsa kunja. Amafuna chipinda chakechake chokutidwa ndi mkuwa, magetsi amphamvu osathimathima, ndi amisiri odziwa kuwakonza. Chimodzi mwa izi chikasowa, makina amaima.

Makina aang'ono amagwiritsa ntchito maginito okhazikika, osafuna helium. Odziwika kwambiri ndi a Swoop, opangidwa ndi kampani ya Hyperfine ya ku America, amene boma la dzikolo linawaloleza mu 2020. Mphamvu yake ndi matesila 0.064, kutanthauza kuti ndi ofooka maulendo 23 poyerekeza ndi a 1.5. Amalemera makilogalamu oposa pang'ono 600, ali ndi mateyala, amalowa pakhomo la wodi, ndipo amalumikizidwa pa soketi wamba ya pakhoma. Magetsi amene amadya ndi ochepa kuposa a ketulo yowiritsira madzi. Amajambula mutu wokha basi.

Maginito ofooka si achilendo. Makina amene anajambula wodwala woyamba thupi lonse ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, mu 1980, anali a matesila 0.04 okha. Pambuyo pake makampani anathamangira maginito amphamvu chifukwa ndiwo ankatulutsa zithunzi zowala. Zomwe zasintha lero ndi makompyuta, amene tsopano akutha kutola zambiri kuchokera mu kamawu kofooka komweko.

Zomwe mzinda wa Blantyre unaphunzitsa dziko lonse

Nkhani imeneyi si ya kutali. Mu 2008 chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a MRI a matesila 0.35, kudzera mu mgwirizano ndi sukulu ya ukachenjede ya Michigan State komanso ntchito ya Dr Terrie Taylor, amene wakhala akufufuza za malungo a ana kuno kwathu kuyambira m'ma 1980. Makina amenewo nawonso anali m'gulu la ochepa mphamvu. Komabe anayankha funso limene linazunguza madokotala kwa zaka zambiri: n'chiyani kwenikweni chimapha mwana wodwala malungo a mu ubongo, ngakhale atalandira mankhwala?

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine, ndipo mwa olemba munali Dr Karl Seydel ndi Dr Sam Kampondeni, Mmalawi wodziwa kuwerenga zithunzi za m'thupi. Anajambula ana 168. Mwa iwo, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo, omwe ndi 84 pa 100 alionse, ubongo wawo unali wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, 39 okha ndiwo anali ndi kutupa kotere, omwe ndi 27 pa 100 alionse, ndipo atawajambulanso kutupako kunaoneka kuti kukuphwa. Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umapanikiza tsinde lake, pamene pali mbali yolamulira kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma. Kudziwa zimenezi kunatsegula njira yofufuza mmene tingaphwetsere kutupako kapena kumuthandiza mwana kupuma mpaka ngozi itadutsa.

Patapita zaka, chipatala chomwecho chinakhala chimodzi mwa zoyamba mu Africa kugwiritsa ntchito makina a Swoop. Dr Karen Chetcuti ndi anzake analemba lipoti mu 2022 lofotokoza zomwe anakumana nazo. Dziko la Malawi lilinso mu kafukufuku wa UNITY, wothandizidwa ndi bungwe la Gates Foundation, amene akugwiritsa ntchito makina omwewa m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia poona mmene ubongo wa makanda ukukulira, makamaka kumene kuli vuto la kuperewera kwa zakudya ndi kuchepa kwa magazi.

Kwa banja la ku Biwi kapena ku Mgona, phindu lake n'lodziwikiratu. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 300, ndipo mwana wokomoka sangayendetsedwe ulendo wotere kuti akangojambulidwa. Ngakhale mkati mwa chipatala chimodzi, kumuchotsa wodwala pa mpweya ndi madiripi kupita naye kuchipinda china n'koopsa. Makina amene amamutsatira wodwala pabedi ndiwo angafike pafupi ndi anthu ngati ife.

Vuto la maginito ofooka

Koma fisi akatola fupa pamsewu amayamba walinunkhiza. Kutsika mtengo kuli ndi dipo lake. Pa matesila 1.5, timaginito ta haidrojeni tomwe timathandiza kupanga chithunzi ndi pafupifupi 5 pa 1 miliyoni iliyonse. Pa matesila 0.064 ndi pafupifupi 2 pa 10 miliyoni iliyonse. Kamawu kamene makina amatola kamakhala kofooka kwambiri, pamene phokoso la magetsi lochokera m'mawaya, m'mababu ndi m'makina ena a mu wodi silichepa.

Tiyerekeze kuti m'bale wathu akutinong'oneza mawu pakati pa msika wa Chinsapo Loweruka masana. Sitimva bwino, ndiye timamuuza abwereze. Akabwereza kangapo timayamba kulumikiza zomwe akunena, chifukwa mawu ake amakhala omwewo pamene phokoso la msika limasinthasintha. Makina nawonso amachita chimodzimodzi: amabwereza kujambula n'kuphatikiza. Tsoka lake, masamu ake ndi owawa. Kuti chithunzi chiyere kawiri, pamafunika nthawi yochuluka kanayi. Kuti chiyere katatu, nthawi imachuluka maulendo 9.

Apa ndiye pagona nkhani. Wodwala amayenera kukhala osagwedezeka nthawi yonse imene makina akujambula. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika tikajambula ndi foni madzulo kukuda: dzanja likangonjenjemera pang'ono, nkhope siioneka. Mwana amene akuphupha ndi malungo, khanda lolira, kapena gogo wosokonezeka mutu ndi sitiroko sangagone duu kwa nthawi yaitali. Kumugoneka ndi mankhwala kuli ndi ngozi zake, makamaka ngati kupuma kukuvuta kale. Choncho liwiro si nkhani ya kutopa pamzere chabe. Mphindi iliyonse yochotsedwa imawonjezera mwayi woti chithunzi chituluke chowerengeka.

Njira ina imene makina amapulumukira ndi kujambula mokhuthala. Makina aakulu amaona tizigawo ta milimita 1 mbali zonse. Aang'onowa nthawi zambiri amaona tizigawo ta milimita pafupifupi 1.5 m'litali ndi m'lifupi, koma tokhuthala mamilimita 5. Kanthu kakang'ono kangabisale mkati mwa kukhuthalako.

Zomwe akatswiri akuchita

Choyamba ndi kuyandikitsa khutu. Waya wotola kamawu amamupanga ngati chipewa chothina bwino pamutu, chifukwa akatalikira pang'ono kamawuko kamatayika. N'chifukwa chake anamwino amatenga nthawi kumukhazika bwino wodwala ndi kumutchinjiriza ndi timapilo. Si kuchedwa ayi, ndi mbali ya ntchito.

Chachiwiri ndi kuchotsa phokoso. M'malo momanga chipinda cha mkuwa, makina aang'ono amakhala ndi mawaya ena kunja amene ntchito yake ndi kumvetsera phokoso la m'chipindamo lokha. Kompyuta imayerekeza ziwirizo n'kuchotsa phokosolo pa zomwe zachokera m'mutu. Gulu la Pulofesa Ed Wu la ku yunivesite ya Hong Kong linaonetsa mu 2021 makina a matesila 0.055 ojambula ubongo popanda chipinda chotchinga, pogwiritsa ntchito njira imeneyi.

Chachitatu ndi kujambula zochepa n'kumaliza ndi masamu. Msodzi wodziwa kusoka ukonde safunika kuona diso lililonse kuti adziwe mmene ulusi unayendera. Akaona mbali zingapo amadziwa kale kalukidwe kake. Mu 2007 Michael Lustig ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti MRI ikhoza kudumpha miyeso ina mwadala, kompyuta n'kupeza chithunzi chokhacho chogwirizana ndi miyeso imene yatoledwa. Nthawi yojambula imachepa, ngakhale kuti pa maginito ofooka sungadumphe zambiri chifukwa kamawu kamakhala kochepa kale.

Chachinayi ndi kugwiritsa ntchito ubwino wa kufooka komweko. Pa maginito ofooka, timaginito ta mu ubongo timabwerera msanga m'malo mwake, choncho makina akhoza kubwereza muyeso mosadikira kwambiri. Mafunde ake a wailesi satenthetsanso thupi ngati a makina amphamvu, ndiye akhoza kutumizidwa motsatizana kwambiri popanda ngozi.

Chachisanu ndi kujambula kuchokera mbali zitatu. Tikadula chinangwa mokhuthala, kachipsera kamkati kakhoza kutiphonya. Koma chikanatheka kudulidwa katatu, mopingasa, m'litali ndi chammbali, chomwe chabisala podula koyamba chikanaoneka podula kachiwiri. Makina amajambula mutu kuchokera pamwamba, kutsogolo ndi pambali, kenako kompyuta imaphatikiza zitatuzo kukhala chithunzi chimodzi cha tizigawo tofanana mbali zonse. Njira imeneyi ikugwiritsidwa ntchito kwambiri poyeza kukula kwa ubongo wa ana.

Chachisanu ndi chimodzi ndi nzeru za kompyuta, zomwe ambiri akuzitchula kuti AI. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za ubongo mpaka kuphunzira kusiyanitsa ubongo weniweni ndi phokoso. Ikalandira chithunzi chachimbuuzi imachiyeretsa. Ubwino wake ndi woti makina amene anagulidwa kale amatha kuyamba kujambula bwino pongowaikira pulogalamu yatsopano, maginito ali omwewo.

Palinso nkhani yolimbikitsa kuchokera kwa anansi athu. Mu 2022 ku yunivesite ya Mbarara m'dziko la Uganda, Dr Johnes Obungoloch pamodzi ndi gulu la Pulofesa Andrew Webb la ku Leiden m'dziko la Netherlands analumikiza makina a matesila pafupifupi 0.05 komweko, m'masiku osakwana masabata awiri. Cholinga chawo chachikulu ndi ana amene mitu yawo imakula chifukwa cha madzi odzadza mu ubongo. Makina amene amangidwa ndi anthu a pamalopo amakonzedwanso ndi anthu omwewo akawonongeka.

Chithunzi chokongola si umboni wokwanira

Pa nkhani ya AI tiyenera kuchenjera. Tiyerekeze munthu amene anakulira ku Area 23 ndipo amadziwa njira zake zonse. Titamupatsa mapu ong'ambika, adzajambula mbali yosowayo mosavuta. Koma adzajambula zomwe anazolowera. Ngati mvula ya chaka chino inakumba chigwembe chatsopano pamalopo, iye sadzachiikapo. Kompyuta nayo imadzaza mipata ndi zomwe inaphunzira, pamene adokotala akufunafuna chinthu chachilendo chija.

Chitsanzo ndi pulogalamu ya SynthSR, yopangidwa ndi Juan Eugenio Iglesias ndi anzake ku Massachusetts General Hospital. Imasandutsa chithunzi chachimbuuzi kukhala chooneka ngati cha makina aakulu, ndipo imathandiza kwambiri poyeza kukula kwa mbali za ubongo pa kafukufuku. Koma inapangidwa mwadala kuti malo ovulala iziwadzaza ngati abwinobwino, kuti miyeso isasokonekere. Chida chotere n'chabwino pa ntchito yake, koma si choonera matenda a wodwala mmodzi. Ndiye chifukwa chake njira iliyonse yatsopano iyenera kuyesedwa poiyerekeza ndi makina aakulu pa odwala enieni, kuphatikizapo ana athu ndi matenda athu monga malungo, TB ya mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi. Mawu omaliza amakhala a dokotala amene wamuona wodwalayo.

Zomwe makinawa amaona ndi zomwe angaphonye

Makina aang'ono amaonetsa bwino zinthu zikuluzikulu: madzi odzadza mu ubongo, kutupa kwakukulu, chotupa chachikulu, ubongo wokankhidwira mbali imodzi. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza mu 2021 kuti makinawa anazindikira pafupifupi 80 mwa 100 alionse amene magazi anakha mu ubongo. Mu 2022 anapeza kuti pa odwala 50 a sitiroko yotseka mtsempha, malo owonongeka anaoneka mwa 45. Ziwerengero zimenezi n'zabwino, koma zikutiuzanso kuti ena anaphonyedwa. Tizipsera ting'onoting'ono tomwe timayambitsa khunyu mwa anthu ena nthawi zambiri timafuna makina amphamvu. Choncho adokotala akanena kuti chithunzi sichikuonetsa vuto koma akufunabe kuyeza zina, sakutizungulitsa. Akudziwa malire a chida chawo.

Tikauzidwa kuti m'bale wathu ajambulidwe

Ngati tsiku lina tidzauzidwa kuti mwana kapena kholo lathu lijambulidwe ndi MRI, kaya yaikulu kaya yaing'ono, pali zomwe ifenso tingachite kuti chithunzi chituluke bwino.

Tichotse chilichonse chachitsulo: ndolo, chipini cha pamphuno, mapini omangira mpango wa kumutu, mkanda, makiyi, foni ndi ndalama zachitsulo. Amayi akhoza kupempha kuti avale mpango wopanda pini ndi zokongoletsa zonyezimira. Ngati mwana wamangidwa kanthu m'khosi, m'chiuno kapena pamkono, tiwauze anamwino mosachita manyazi. Tinenenso ngati wodwala ali ndi chitsulo m'thupi chifukwa cha opaleshoni kapena ngozi, ngati anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena ngati mayi ali woyembekezera.

Timufotokozere wodwala kuti makina amagogoda ndi kulira koma sapweteka, ndipo chofunika n'kusagwedeza mutu. Khanda nthawi zambiri amalijambula lili mtulo, choncho mayi angapemphedwe kuliyamwitsa ndi kulifunditsa bwino nthawi itatsala pang'ono. Pa makina aang'ono kawirikawiri kholo limaloledwa kukhala pambali n'kumugwira mwana dzanja. Akatiuza kuti abwereze chifukwa wodwala anagwedezeka, tipirire. Kuli bwino kubwereza kusiyana ndi kupatsidwa yankho lochokera pa chithunzi chosaoneka.

Pomaliza, tisaiwale kuti chithunzi sichichiza. Mwana akatentha thupi, tipite naye kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Akakomoka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, kapena akamagona osadzutsika, tithamangire kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, chifukwa jakisoni wa malungo aakulu sadikira makina alionse. Wamkulu akapotoka kamwa, akafooka mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kapena akayamba kulankhula mosamveka mwadzidzidzi, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ola lililonse limawerengedwa. Tisamusunge pakhomo kudikira kuti achibale a kumudzi agwirizane kaye. Tipite naye, kenako tiwaimbire.